Tsiku Lotseka Pakamwa

Don Leonel anandiuza nkhaniyo ndisanavule n'komwe jekete. Ndinali nditangotsika basi yausiku yochokera kwathu ku Ancud, kumene ndinkagwirira ntchito, msana uli gwa, ndipo iwo anandilandira ndi khofi wozizira komanso mawu akuti kuyambira mwezi wamawa aliyense azigwirira ntchito mu ofesi, muno mu Santiago.

"Aliyenseyo ndiye ine," ndinatero. "Enawa ali kale pano."

"Usayambe, Yasna. Masewera amapangidwira patebulo, anthu akuonana maso ndi maso. Ngati sungathe, khala kwanu komweko, koma tizikulipira pa tsamba ngati waganyu. Ndiponso kumeneko moyo ndi wotchipa. Si mumangodya mbatatesi ndi nsomba inu?"

Ntchito yanga pakampaniyo inali yolemba timabuku ta malamulo timene mumatipeza m'bokosi la masewera a patebulo. Malipiro ake ndi ochititsa manyazi, ndipo ukadandaula amakukumbutsa kuti uli ndi mwayi, ena amasenza simenti pamene iwe ukusewera makhadi. Mu Santiago ndalama imeneyo inkathera lendi. Koma chimene chinandisamutsa si lendi, ndi mwana wanga Amparo. Nyengo yozizira iliyonse utsi wa mumzindawu unkamutseka chifuwa, n'kumathera kuchipatala milomo itachita bii. Kwa mayi anga ku Ancud amathamanga m'mphepo tsiku lonse osatsokomola. Don Leonel ankadziwa zonsezi, mpaka anatumizako maluwa kuchipatala. Ndiye chifukwa chake mtima unandiwawa kwambiri.

Anandiitanira tsiku lotseka pakamwa. Ndi mwambo wathu: masewera atsopano asanapite kosindikiza, timaitana anthu amene sanawaonepo, n'kuwapatsa bokosi ndi kabuku, ife n'kukhala kukhoma manja tili pamiyendo. Palibe wantchito wololedwa kulankhula mpaka masewerawo atatha, chifukwa wogula akafika nalo kunyumba bokosilo sapezamo munthu womufotokozera. Wolakwira lamuloli amagulira ofesi yonse empanada, zakudya zofanana ndi samusa. Analikhazikitsa ndi Don Leonel omwewo, ndipo ankalinyadira ngati mwana wawo woyamba.

Masewerawo anali owolotsa nkhosa m'mapiri chipale chofewa chisanagwe n'kutseka njira. Makhadi a chipale amatuluka limodzilimodzi, lomaliza likatuluka masewera atha, aliyense n'kuwerenga nkhosa zake. Amene anawapanga ndi Bartolo, mnzanga wa kalekale, amene tonse timangomuti Tolo. Tinayambira limodzi ntchito tikugawana buledi. Fakitale yosindikiza inkadikira zonse madzulo a tsiku lomwelo.

Alendo athu anali azimayi awiri apachibale ndi amuna awo. Anawerenga kabuku kanga, sanakande mutu paliponse, ndipo anayamba bwinobwino, kuberana nkhosa, kunyozana, kuseka. Ine ndinali ndi kamatama mumtima. Koma nthawi yoti masewera azitha inafika n'kudutsa. Mulu wa makhadi unatha, anauphatikizanso, unathanso. Nkhosa zonse zinali zitawoloka kalekale, anthu akungotembenuza makhadi kudikira chipale chomaliza.

Ndinayang'ana Tolo. Iye anayang'ana nsapato zake. Pamenepo ndinazindikira kuti achotsamo makhadi ena kuti achepetse mtengo wosindikizira, ndipo limodzi mwa ochotsedwawo linali la chipale chomaliza. Iye ndi Don Leonel anagwirizana zimenezi okhaokha, mwina pa nkhomaliro, ine wolemba malamulo osandiuza.

"Kodi amatha amenewa?" anafunsa mayi wamkuluyo, akuyang'ana ife akukhoma.

Tonse zii. Mwamuna wake anawerenganso kabuku kuyambira pachikuto.

"Akuti tidikire chipale."

"Tidikire mpaka liti? Ine ndasiya nyemba pamoto."

Don Leonel ankandikodola ndi nsidze, kenaka ndi chala, kenaka anatsokomola. Ine ndinangopinda manja. Lamulo limati mpaka masewera atatha, ndipo anali asanathe. Ndikanatha kukhala pampando umenewo mpaka Khirisimasi.

Amene anayamba kutopa ndi Don Leonel omwewo. Anadzuka, kupepesa alendo, kuwapatsa bokosi la masewera ena ngati mphatso, n'kuwaperekeza pakhomo. Wojambula zithunzi wathu anayerekeza kufunsa kuti, poti bwana alankhula, empanada zikhala za nyama kapena za tchizi. Palibe anaseka kupatula ine.

"Waona?" anatero Don Leonel atabwerera. "Ukanakhala pano ukanamva kuti tasintha makhadi. Ndi zimene ndikunenazi."

"Foni ndili nayo, bwana. Imalira bwinobwino mukamafuna ndikonze zinthu Lamlungu."

Tolo analowerera ndi mawu apansipansi. "Tingolemba kuti atha pa chipale chimene chatsalacho."

"Yesa," ndinamuyankha. "Azitha nkhosa zisanatuluke m'khola."

Iyenso ankadziwa kuti ndi zoona. Kubwezera khadi lochotsedwalo kunali kosatheka, mtengo anali atagwirizana kale ndi fakitale. Koma ine pokhala kukhoma kuja ndinali nditaiona njira. Inali chiganizo chimodzi chokha, chokwanira patsamba popanda kusuntha chithunzi, ndipo masewera akanakoma kuposa kale. Nkhope inandipereka, Don Leonel anaona.

"Uli nayo njira. Tebulo ilo, khala ulembe."

"Ndikalembera patebulo langa ku Ancud, pa malipiro anga a mwezi. Mukavomera zimenezo, ndikuuzani pompano, ndili chiimire."

"Ukundiopseza m'kampani mwanga?"

"Ndikukuuzani mtengo. Inu mwandiuza wanu m'mawa uja."

"Ndikakulola iwe, mawa onsewa andiuza kuti akufuna kukagwirira ntchito kwa amayi awo."

"Muwafunse kaye ngati ndalama mumawapatsayi imawafikitsa kumapeto kwa mwezi muno."

Mu ofesi aliyense maso anali pa kompyuta ngati muli zachilendo. Sindinawaimbe mlandu, onse ali ndi lendi. Don Leonel anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Si munthu woipa, koma kugonja pamaso pa antchito ake sakanatha.

"Ukatuluka pakhomopo usanalembe, usadzabwerenso."

Ntchito yolemba malamulo a masewera m'dziko muno siipezeka ngati ya m'sitolo, ndipo mankhwala a Amparo sagulidwa ndi ukali. Ndinavala jekete, mabatani n'kuwamanga mosemphana, n'kutuluka choncho.

Tolo anandipeza pamasitepe, akupuma mwawefuwefu.

"Mlongo, ndiuze ine ndekha. Sindinena kuti wandiuza ndiwe."

"Ayi, Tolo."

"Ndi masewera anga oyamba okhala ndi dzina langa pabokosi. Ukudziwa mmene ndawavutikira."

Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti ndikangonong'ona chiganizocho, madzulo chikhala kufakitale, Don Leonel adzagona tulo tabwino, ndipo ine ndidzakhala nditagwira ntchito yomaliza mwaulere. Ndinamukonda Tolo pamasitepe pamenepo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinamukwiyira chimodzimodzi.

"Pamene munkachotsa makhadi aja unali patebulo," ndinamuuza. "Pamene amandiuza zamaganyu m'mawa uja unalinso pomwepo. Sunatsegule pakamwa."

"Ndikanati chiyani?"

"Bwerera m'mwambamo ukanene tsopano. Ukawauze kuti popanda Yasna bokosi lako silipita. Ine ndikhala pansipa kanthawi, basi yanga sinakwane."

Anayang'ana kumtunda, kuchitseko cha ofesi, kenaka anayang'ana ine. Anakwera pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cha m'mbali ngati nkhalamba.

Ndinakhala pa sitepe yomaliza, chikwama pamiyendo, maso ali kuwawa ndi utsi wolowera pakhomo. Ndinadikira kuposa mmene ndinalonjezera. Chitseko cham'mwamba sichinatsegukenso. Nditaona kuti basi indisiya, ndinadzuka, ndinaimbira mayi kuti auze Amparo ndifika m'mawa, ndipo chiganizo chija ndinapita nacho ku Ancud.