Dzenje la Amake Julio

Ku Ndake konse, dzina loti Felista ankalidziwa ndi ansembe okha. Ena onse ankangoti amake Julio, ndipo eni ake ankalikonda dzinali kuposa la ubatizo. Julio ndiye mwana yekha amene anawatsalila. Anamubeleka mumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi, chaka chachiwili chiwolokele kuchoka ku Mozambique. Nkhondo itatha, anzawo akukwela malole kubwelela kwawo, iwo anakana. Kwawo kuti, mudzi utatsala phulusa lokhalokha? Amuna awo atamwalila anasamukila ku Ndake, nayamba kulima thonje ndi chimanga ngati wina aliyense.

Koma nkhondo ili ndi khalidwe loipa, inu. Imatha pa wailesi, m'mutu mwa munthu osatha. Amake Julio sankasunga zinthu zonse m'nyumba, zivute zitani. Kuseli kwa munda wawo, m'kathengo ka mitsanya, anakumba dzenje lofika m'chiuno, naikamo mgolo, n'kuvundikila ndi lata ndi dothi. Mumgolomo munali mchele, machesi, mabatile a tochi, bulangeti, chikwanje ndi nyemba. Ndi mmene ankachitila kwawo. Asilikali akabwela, a mbali iyi kaya a mbali inayo, ankasesa m'nyumba n'kuyatsa moto, ndipo wokhala ndi dzenje ndiye ankauona mwezi wotsatila.

Julio ankawaseka nazo. "Amai, zaka makumi atatu zapita! Mchele umenewo musungila ndani?" Koma chaka china atapeza feteleza msanga, matumba anai, akuba ali kuthyola nyumba za anthu, anasenza yekha matumbawo kukawabisa kudzenje komweko.

"Lelo lakoma dzenje langa?" anamufunsa amake, ndipo onse awili anaseka.

Inali nthawi imene wailesi inkangokamba za zigawenga zimene zinkapha anthu kumpoto kwa Mozambique, kugombe la nyanja ya mchele, kutali koti ngakhale agogo awo a amake Julio sanapondeko. Koma akuluakulu anati malile ali ndi zibowo, tiyenela kukhala maso. Pamsewu panadzaza malodibuloko, asilikali akuimitsa galimoto iliyonse. Ankakulanda foni n'kumawelenga mauthenga ako iwe uli chilili. Ngakhale mapemphelo a mphakati pansi pa mtengo anayamba kufuna kalata ya chilolezo. Ukakhala ndi dzina la kutsidya kwa malile ngati Julio unkatsitsidwa m'basi, anzako n'kumakusuzumila pawindo. Anthu ankati, "Ngati ulibe mlandu uopanji?" Mawu amenewa amakoma mkamwa mwa munthu amene sanatsitsidwepo.

Amene anapeza dzenjelo anali mnansi wawo, a Conrad Njobvu, akukumba mbewa pa lupsa. Khasu linangoti ngwe! pa lata. A Njobvu sanali munthu woipa, zimenezo ndikana. Koma wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti woona chachilendo n'kukhala chete nayenso ndi chigawenga. Mantha anawakweza njinga, ulendo wokanena.

Lachinai m'mawa, dzuwa litangoyamba kuwawa, amake Julio anali kusosa m'munda pamene anamva galimoto yolemela ikupatuka mumsewu. Sanaganize n'komwe. Miyendo inangowanyamula yokha, khasu kwakekwake, mpango kwakekwake, liwilo la kuthengo. Mai wa zaka makumi asanu ndi limodzi! Anyamata awili a mfuti anawapeza asanafike patali, nawakokela kudzenje kuja.

Zonse zinali zitayalidwa pansi, wina akuzijambula. Julio anali atagwada pambali, manja omangidwa kumbuyo, mlomo ukutuluka magazi. Galimotoyo inalibe nambala. Anansi onse anali atadzitsekela m'nyumba, mudzi uli zii. Mkulu wa gululo anali bambo wamagalasi, wolankhula motsitsa mawu ngati mphunzitsi.

"Feteleza, mabatile, machesi, chikwanje, zida za zigawenga zopangila mabomba, zobisa pansi pafupi ndi malile," anatelo bamboyo. "Amai, munthu uyu mumudziwa?"

Apa mvetsani bwino musanawaweluze. Kwawo, nthawi ya nkhondo, lamulo linali limodzi, ndipo mwana ankaliyamwila kubele: akagwila wako, sumudziwa. Ukati ndi mwana wanga, ankakumenya iweyo pamaso pake mpaka iye avomele zimene sanachite. Ukati ndi mlendo, ankatopa naye n'kumutaya panjila. Mlongo wawo weniweni anapulumuka motelo, anabwela pa tsiku lachitatu akutsimphina. Ndiye amake Julio anachita chimene ankadziwa kuti chimapulumutsa mwana.

"Sindimudziwa, bwana. Kapena ndi wodutsa chabe."

"Nanga dzenje ili?"

"Sindilidziwa."

"Nanga munathawilanji?"

"Ndinaopa galimoto."

Wamagalasi uja analemba zonse, nawagwila chala chachikulu, n'kuchinyika mu inki, n'kudinda pansi pa pepala. Julio anangoyang'ana pansi. Anamukweza m'galimoto pamodzi ndi mgolo ndi matumba aja.

Grace, mkazi wa Julio, anali atapita ndi mwana wawo Precious kusikelo. Atabwela n'kumva zimene apongozi ake ananena, anakhala pansi pabwalo, manja kumutu.

"Mayo ine! Amai, mwati simumudziwa? Mwana wanu?"

"Khalani chete, amake Precious, simudziwa zinthu izi. Pakatha masiku atatu abwela."

"Kuno si kunkhondo, amai! Kuno amalemba!"

Masiku atatu anatha. Sabata inatha, mwezi unatha. Grace anapita ku boma ku Nyimba, anamuuza kuti nkhaniyo si yawo. Anakwela basi mpaka ku Petauke, kumene munthu wina wachifundo anamulozela nyumba ya mpanda wautali yopanda chikwangwani. Anaonetsa chitupa cha mwamuna wake ndi kalata ya ukwati ya kutchalitchi cha ku Minga. Chitupacho anachilanda, ati tikachifufuze ngati n'chenicheni. Atafunsa tsiku la khoti anamuyankha kuti nkhani ya chitetezo cha dziko ilibe tsiku. Atapempha kumuona anati sizotheka. Anabwela nawo mawu amodzi okha, ndipo anawatula pamaso pa apongozi ake osawapatsa n'komwe moni.

"Akuti Julio ndi munthu wosadziwika kumene anachokela. Akuti iye akunena kuti anabadwila muno, koma alibe kholo lomuchitila umboni, ndipo ngakhale mai wokalamba amene anamupeza pamundapo anamukana. Ine akuti mkazi sangachitile umboni za kubadwa kwa mwamuna. Chala chanu, amai. Chala chanu ndicho chamutsekela."

Anansi amene ankamudziwa Julio kuyambila ali wamng'ono, atapemphedwa kukachitila umboni, aliyense anapeza chodwala. A Njobvu anayamba kudzela njila ina popita kudimba. Mvula yoyamba inagwa, anthu anabzala, munda wa Julio unamela udzu. Amake Julio anaonda, chakudya chinkawakanila pakhosi. Manyazi ndi chisoni zinkawadya, chifukwa tsopano anaona kuti chimene anachita pofuna kumupulumutsa ndicho chinamumiza.

M'mwezi wa Disembala anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, namanga khadi la ubatizo la Julio pansonga pake, nanyamuka ndi Grace kupita ku Petauke. Munthu amene moyo wake wonse ankathawa yunifolomu anakagogoda yekha pageti. Anawakhazika pabenchi kuyambila m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anawalowetsa okha, Grace n'kutsala panja. Pa tebulo panali wamagalasi yemwe uja.

"Bwana, ndabwela kudzanena zoona. Julio ndi mwana wanga, ndinamubeleka ku Ukwimi. Khadi lake ili. Dzenje lija ndi langa, ndinakumba ndi manja awa. Mchele ndi machesi ndi zanga. Feteleza ndi wa chimanga, bwana, wa chimanga chabe."

Bamboyo anatsegula failo, natulutsa pepala lija, naliika pafupi ndi khadilo. "Chala ichi n'cha ndani?"

"Changa."

"Ndiye tsiku lija munanama, kapena mukunama lelo?"

"Tsiku lija. Kwathu tinkatelo kuti asamuphe."

"Kwanu," anabweleza bamboyo, nalemba mawuwo. Anavula magalasi, natikita maso ngati munthu wotopa. "Amai, ndikuuzeni mosabisa. Mukati dzenje ndi lanu, mulowa inunso. Koma musaganize kuti iye atuluka. Mudzangokhala awili, ndipo failo idzanena kuti ndi banja lonse."

"Nditsekeleni. Koma mulembe kuti ali ndi mai ake, si munthu wotola panjila."

"Zimenezo avomele yekha. Mwachita mwai, lelo lomwe tikumusamutsa."

Anawatulutsila kubwalo la kuseli, kumene lole yotchinga ndi tenti inali italiza kale injini. Amuna asanu anatuluka pamzele, omangidwa awiliawili, womaliza yekha. Womalizayo anali Julio. Anali atametedwa mpala, malaya akulendewela ngati apachikidwa pa mtengo, akuyenda mokoka mwendo. Amake anafuula ndi mawu onse amene anawabisa tsiku lija.

"Julio! Julio mwana wanga! Ndine amako!"

Wamagalasi anaimitsa mzele. "Iwe, amai awa akuti ndi amako, ndipo akuti dzenje ndi lawo. Ukavomela, akwela nawe lole iyi. Uwadziwa?"

Julio anawayang'ana amake kwa nthawi yaitali. Anayang'ana mapazi awo otupa, nayang'ana m'lolemo, mumene munali mdima ndi fungo loipa. Iye ankadziwa zimene zimachitika m'zipinda za nyumba imeneyo, amake sankadziwa.

"Amai anga anamwalila kale ku Ukwimi, bwana," anatelo. "Dzenje ndi langa. Awa ndi amai ena a m'mudzi, mutu wawo suyenda bwino. Alekeni apite."

"Julio, usatelo! Ndalapa, mwana wanga, usatelo!"

Sanachewukenso. Anamukankhila m'lole, natsitsa tenti. Wamagalasi analemba mzele umodzi m'failo, nawabwezela amake Julio khadi la ubatizo lija, nauza mlonda kuti awapelekeze kugeti.

Grace anawaona akutuluka okha, nathamanga kudzawagwila asanagwe. Geti lalikulu linatseguka, lole inadutsa pafupi nawo, fumbi lili kobo, n'kulunjika kumsewu waukulu. Grace anaithamangila pang'ono akuitana dzina la mwamuna wake, kenako anabwelela kwa mlonda kukafunsa kumene akuwapititsa.

"Ndinu abale ake a ndani?" anafunsa mlondayo, akuyang'ana m'buku lake.

"A Julio. Ine ndine mkazi wake, awa ndi amake."

Mlondayo anatsitsa chala pamzele wa maina, naima, nawelenga, n'kupukusa mutu.

"Za kumene apita timauza kholo lokha. Uyu palembedwa kuti makolo ake onse anamwalila."