Nthutumba ya Amalume

Amalume a Wyson ananena kuti adzafika Loweruka, ndipo Lydia anayamba kusesa Lachinayi.

Nkhani imene ankabwerera inali ya chitengwa. Lydia anakwatiwa ndi Lloyd, mnyamata wokonza mafiriji pa Machinga Boma, ndipo awiriwo ankakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Koma mwa mwambo wa kwawo, Lydia anali pa Boma mongobwerekedwa. Nyumba yawoyawo inayenera kudzamangidwa ku Utale, pamalo a mayi ake, pokhapokha amalume atalola kuti mwamuna amutengere kwawo ku Rivirivi. Lloyd anali atapempha kale kudzera mwa ankhoswe. A Wyson anangoyankha kuti aone kaye mmene mwana wa mlongo wawo akukhalira.

Lydia ankawakonda abale ake, makamaka akakhala kutali. Malo amene anamusungira ku Utale anali pakati pa khola la mbuzi ndi nyumba ya mkulu wake Martina, ndipo pa ziwirizi, khola ndi limene nthawi zina linkakhalako chete. Martina ankabwereka chilichonse, kuyambira sefa mpaka nsapato za kutchalitchi, ndipo ukapita kukaitanitsa ankakufunsa ngati wayamba kuwerengera abale zinthu. Lydia ankafuna ku Rivirivi. Sananenepo zimenezi mokweza, koma ankafuna ndi mtima wonse.

Chimene chikanatha kuononga zonse chinali chigonere pakhonde. Dzina lake Sajeni, galu wamkulu, wakuda, wa ubweya wonyezimira ngati nsapato za mkwati. Lloyd anamupeza ku Liwonde ali kamwana kothothoka ubweya, kongokhalira kudzikanda. Anayesa phala la madeya, anayesa usipa, osathandiza. Kenaka pa gulu lina la pafoni la anthu oweta agalu anamuuza kuti galu si munthu, m'mimba mwake mumafuna nyama yaiwisi ndi mafupa aawisi. Kuyambira pamenepo Sajeni sanalawenso mkute. Ankadya mapapo a ng'ombe ndi mafupa a mbuzi ochokera kwa Akimu wogulitsa nyama, ndipo mufiriji anali ndi shelefu yakeyake. Pakhomo pakaphedwa nkhuku, wotumbula ankakhala Lloyd, chifukwa mutu, khosi, zipalapasiro ndi zam'kati zonse zinali za galu.

"Mawa galuyu mumumange kuseri," anatero Lydia Lachisanu. "Amalume akafunsa zimene amadya, munene kuti amadya zotsala."

"Ndiwanamize akuluakulu?"

"Ndiye mungokhala chete. Inu mukayamba za galuyu simutha, ngati mlaliki wa m'basi."

Lloyd analonjeza.

A Wyson anatsika minibasi dzuwa lisanatenthe, atavala jekete ya maliro ndi maukwati, atanyamula kathumba ka nandolo. Anali munthu wamfupi, wolankhula pang'ono, amene ankayang'ana chinthu nthawi yaitali mpaka mwini chinthucho kuyamba kupepesa. Anayang'ana denga. Anayang'ana firiji. Anayang'ana Lloyd, ndipo Lloyd anavula kapu imene anali atavula kale m'maganizo mwake kawiri.

Atamwa tiyi, Lydia anabwera ndi tambala wofiira, n'kugwada.

"Amalume, ndiwo zake ndi izi."

A Wyson anamugwira tambalayo pachidali, n'kugwedeza mutu. "Zikomo. Wanenepa."

Lloyd anapita naye kuseri. Anamupha, anamusosola, anamutumbula, uku m'mutu akubwereza mawu amene adzanene pa nkhani ya chitengwa. Manja ankagwira okha ntchito imene anaizolowera. Sajeni anali pachingwe chake pansi pa mtengo wa mango, chapafupi pomwepo.

Lydia anadula nyamayo, anaika mumphika, anayatsa mbaula. Atavundula kamodzi anaima. Anavundulanso pang'onopang'ono, ngati munthu wosaka ndolo m'madzi.

"A Lloyd," ananong'ona. "Nthutumba ili kuti?"

Onse awiri anatembenukira kumtengo wa mango. Sajeni anali akunyambita mbale yake, ndipo atawaona anagwedeza mchira mothokoza.

"Mayo ine," anatero Lydia.

"Ndinaiwala. Manjawa..."

"Khosi ndi zipalapasiro sangafunse. Koma nthutumba? Amalume akatsegula bakuli sayang'ana ntchafu. Ku Utale anasiyapo chakudya cha pachinkhoswe chifukwa cha nthutumba, n'kupita kwawo ndi njala. Lero mukufuna ndiwauze kuti yawo yadyedwa ndi galu?"

"Inali yaikulu bwino," anatero Lloyd, mwina pofuna kuthandiza. Ataona nkhope ya mkazi wake anawonjeza kuti, "Ndikubwera," n'kutulukira pachipata cha kuseri akuthamanga.

Lydia sanadziwe kumene wapita. Anaima kanthawi ndi chipande m'manja, kenaka anakumbukira Ayisha. Ameneyu anali woyandikana naye nyumba, ankaweta nkhuku zachizungu n'kumagulitsa zososola kale m'malo odyera. Lloyd sakanapita kwa iye, chifukwa awiriwo sankalankhulana bwino chiyambire tsiku limene Sajeni anamwa madzi mundowa ya Ayisha.

Lydia anasuzumira pampanda wa udzu. "Achemwali, ndithandizeni. Nthutumba imodzi yokha."

"Imodzi? Mwayamba kugula ndiwo ngati mankhwala?"

Lydia anafotokoza. Ayisha anakhala pansi kuti aseke bwino. Anaseka atatseka pakamwa ndi mpango, misozi ikutuluka, kenaka anasankha nthutumba yaikulu m'beseni n'kuipatsira pampanda.

"Tengani. Koma galu wanuyo tsiku lina mudzamupeza pampando akufunsa kuti tiyi wapsa."

Lydia anaitsuka, anaiponya mumphika, anathira tomato ndi anyezi, n'kuvundikira. Mtima unabwerera m'malo mwake. Anatereka mpunga, n'kupita kukakhala pamkeka pafupi ndi khomo kuti amve za kumudzi.

"Akamwini apita kuti?" anafunsa a Wyson.

"Akagula zakumwa, amalume."

A Wyson anamuuza za mvula, za chimanga chimene chinapserera, za mbuzi zimene zaswa. Anamuuzanso kuti Martina wapereka moni, ndipo wati ngati ali ndi ketulo yapadera atumize. Ali m'kati mwa zimenezi Lloyd analowa, thukuta kamukamu, dzanja limodzi lili m'thumba la buluku.

"Zakumwa zatha pa Boma?" anafunsa a Wyson.

"Zakumwa?" anatero Lloyd.

"Zinali zotentha, eti?" anatero Lydia, akumuyang'anitsitsa.

"Ee. Zotentha kwambiri, amalume. Magetsi." Anatero n'kudutsa kupita kukhitchini, akuti akasambe m'manja.

Lydia ankafuna kumutsatira kuti akamuuze za Ayisha, koma a Wyson anali atayamba nkhani ya malire a munda, ndipo munthu sadzuka amalume ali pakati pa malire. Lloyd atabwerako, Lydia anamugwedezera mutu pang'ono, kutanthauza kuti zatheka. Lloyd nayenso anagwedeza mutu pang'ono, akumwetulira. Lydia anaganiza kuti akumuthokoza.

Chakudya chinafika patebulo. Lydia anawasambitsa m'manja atagwada, n'kubwerera pamkeka wake. A Wyson anapemphera pemphero lalifupi, anatsegula bakuli, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga supuni, anakankha ntchafu, anakankha phiko, n'kutulutsa nthutumba. Anaidya yonse asanakhudze mpunga, akutafuna mofatsa, maso ali padenga.

"Waphika bwino, iwe Lydia."

"Zikomo, amalume."

Lydia anayamba kuona nyumba ya ku Rivirivi: zipinda ziwiri, khonde, ndi ketulo imene palibe adzaibwereke. A Wyson anabwezera supuni m'bakuli kuti atunge msuzi. Supuniyo inatuluka ndi chinthu china chozungulira, chofiirira. Anachiika pambale, anachitembenuza, anachiyang'ana.



"Akamwini," anatero a Wyson, "nkhuku za kuno ku Machinga zimakhala ndi nthutumba zingati?"

Lloyd anayang'ana pambale, kenaka anayang'ana mkazi wake. Lydia anatseka maso.

"Masiku ano, amalume," anayamba Lloyd, "ndi zakudya zimene nkhuku zikudyazi..."

"Iyi ili ndi kabowo," anatero a Wyson. "Inabayidwa pakamtengo. Ilinso ndi tsabola wa pachiwaya. Tambala ameneyu ankadya tchipisi?"

Lydia anaona kuti bodza lina lililonse lingowonjeza nthutumba yachitatu. Anagwada bwinobwino n'kunena zonse: za tambala, za manja a Lloyd, za Ayisha, ndi zoti chiwayacho iyenso wachidziwira pompano. A Wyson anamvetsera osaphethira.

"Ndiye yanga yeniyeni ili kuti?"

"Ili ndi galu, amalume."

"Anaba?"

"Iyayi. Anapatsidwa."

A Wyson anatenga nthutumba ya pachiwayayo n'kuidya, poti inali itafika kale pambale. Anamaliza mpunga, anasamba m'manja, anatenga fupa la ntchafu, n'kuimirira.

"Ndikamuone mnzangayo."

Anapita kuseri onse atatu. Sajeni anadzuka, anadziongola, dzuwa linawala pamsana pake. A Wyson anamuzungulira patali. Ku Utale galu amawerengeka nthiti, ndipo ameneyu nthiti zake zinali nkhani yongomva.

"Amadya chiyani?"

Lydia anayang'ana mwamuna wake. Lloyd analimbana ndi lonjezo lake kwa kanthawi kochepa kwambiri.

"Nyama yaiwisi, amalume. Ndi mafupa aawisi. Taonani manowa, oyera ngati a mwana. Sanunkha m'kamwa. Ubweyawu sindipaka kanthu. Ngakhale chimbudzi chake, amalume, mukachiona..."

"Sindichiona," anatero a Wyson, n'kuponyera galuyo fupa lija.

Lloyd analumpha. Munthu ndi galu anakumana m'malere, koma Lloyd ndiye anali ndi manja. Anagwa chammbali m'fumbi, fupa lili m'chikhatho, Sajeni akumununkhiza kukhutu modandaula.

"Lophika ayi, amalume," anatero ali chigonere. "Lophika limasweka ngati singano, limabaya m'matumbo."

A Wyson anayang'ana mkamwini wawo pansipo nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira denga. Lydia anaona nyumba ya ku Rivirivi ikugwa khoma limodzilimodzi. Anaona Martina akubwera ndi mbale yopanda kanthu m'mawa uliwonse mpaka ukalamba.

"Iwe Lydia," anatero a Wyson. "Munthu ameneyu akabwera ku Utale, galuyu abwera naye?"

"Sangamusiye, amalume."

"Hmm." Anakhala pachitsa. "Ine ndili ndi mbuzi zoswa kumene. Mayi ako ali ndi nkhuku. Mudzi wonse uli ndi nkhuku. Galu wolawa magazi sasiya. Ameneyu mwamuphunzitsa ndi manja anu kuti nkhuku yaiwisi ndi ndiwo. Akafika kwathu, pakutha pa mwezi ine ndidzakhala ndikuyenda khomo ndi khomo kupepesa."

Lloyd anadzuka, akusasa fumbi. Nkhope yake inali ya munthu amene mwana wake wanenedwa kuti ndi wakuba. Zoona zake n'zakuti Sajeni ankagona anapiye a Ayisha akumuyenda pamsana, ndipo tsiku lina anathawa bakha.

"Iyayi, amalume, pamenepo ndiye anthu amalakwitsa. Sajeni sagwira nkhu..."

"Amagwira," anatero Lydia.

Lloyd anatembenuka.

"Amagwira kwambiri, amalume," anapitiriza Lydia, maso ali pansi mwaulemu. "N'chifukwa chake timamumanga. Ndi mbuzi zomwe amaziyang'ana moipa."

Sajeni anayasamula n'kugona chagada kuti wina amukande pamimba.

"Ndinadziwa," anatero a Wyson. "Akamwini, mukawauze ankhoswe anu abwere tidzamalize. Mkaziyu mumutenge, mukamange kwanu ku Rivirivi. Mbuzi za kumeneko si zanga. Koma chinyama ichi chisadzaponde ku Utale, ngakhale pamaliro anga."

Lydia anawomba m'manja mwaulemu. Lloyd anachedwa pang'ono, koma chigongono cha mkazi wake chinamukumbutsa, ndipo nayenso anawomba.

Madzulo anawaperekeza kumsewu wa ku Zomba. A Wyson anakwera minibasi yopita ku Liwonde, anakhala pawindo, ndipo galimoto isananyamuke anasuzumira kunja.

"Ija ya pachiwaya inali yokoma," anatero. "Koma musadzabwerezenso."

Pobwerera Lloyd anayenda patsogolo, manja m'matumba, mpaka anadutsa msika.

"Mwamunamizira," anatero potsiriza.

"Ee."

"Pamaso pake."

"Sanamve."

"Amamva. Galu ameneyu amamva zonse."

Anayenda pang'ono. Akimu anali akutseka benchi yake ya nyama, akuthamangitsa ntchentche ndi chiguduli. Lydia anaima, n'kumufunsa ngati mwendo wa mbuzi watsalako, wa fupa lalikulu, wosawaza.