M'khitchini Mwakoma

Philemon anali ndi lamulo limodzi lokha pa boma la Lundazi: asadziwike. Anachoka ku Kasungu podzera njira za m'tchire, wopanda chitupa, wopanda khadi la Chipani, ndipo ankadziwa kuti tsiku limene anyamata a Chipani adzamufunse mafunso adzamukweza lole yopita kumalire. Kwawoko kunalibe womudikira. Mayi ake anawaika kale m'manda.

Koma tsoka sasimba. Ntchito yokha imene anaipeza inali m'nyumba ya a Jason Mtonga, tcheyamani wa nthambi ya Chipani.

Khitchini yawo inali ndi matailosi a nthawi ya atsamunda, achikasu ngati mano a wosuta chingambwe. Atcheyamani anati achoke onse. Philemon analowetsa tchizulo kuseri kwa tailosi loyamba n'kugogoda pang'ono. Linachoka, inde, koma linapita ndi khoma lomwe. Kuseriko kunalibe njerwa, linali bolodi chabe, ndipo chiswe chinali chitadya kale n'kusamba m'manja.

Masiku amenewo ngakhale sopo ankamuimira pamzere, nanga bolodi? Atcheyamani anazungulira maofesi mpaka nsapato kutha, n'kubwera ndi mabolodi ongokwanira ndendende.

"Ukaphwanya olo kakona, mufana, tizaonana," anatero.

Ntchito inayenda, ngakhale tailosi lina linamucheka Philemon chala, magazi n'kuthimbirira pamalaya. Litatsala bolodi lomaliza, la pamwamba, Philemon anapempha eni nyumba amugwirire. Atcheyamani analichirikiza ndi manja onse awiri ndi mutu womwe, misomali atailuma pakamwa.

"Musasunthe, bwana, musayankhule. Ndikatenge chopondera."

Pakhonde anakumana ndi mayi wosenza dengu la mtedza. Anali a Angelina, mlongo wa atcheyamani, wochokera kwa Kapichila, amene Chinyanja ankachimva ngati wailesi ya mabatire akutha.

"Monire. Ŵadumbu ŵane ŵali nkhu?" anafunsa za mlongo wawoyo.

"Ali m'khitchini, mayi. Lowani mukaone. Mwakoma!"

Apa ndi pamene panagona nkhani. Kwa Philemon, mwakoma ndiye kuti mwakongola. Kwa Mtumbuka, kukoma ndi kupha. A Angelina anayang'ana hamala ili m'manja, anayang'ana magazi pamalaya.

"Mwakoma?" anafunsa. Kunali kufunsa kuti: mwapha?

Philemon anasekerera mpaka mano a m'mbali. Palibe amene anali atayamikirapo ntchito yake chibwerere.

"Mwakoma zedi, mayi! Ndi manja angawa. Ndinayamba ndi tchizulo, koma anali olimba, ndiye ndinamalizira ndi hamala."

Dengu linagwa. Mfuu umene anakuwa mayiwo unafika mpaka kumsika. Posakhalitsa bwalo linadzaza: amayi akulira, ana akutola mtedza, anyamata a Chipani atamugwira Philemon lamba kumbuyo moti ankangoponda ndi zala.

"Khadi ili kuti? Ndiwe wa kuti iwe? Kamba!"

Philemon ankangoona lole ija m'maso mwake.

M'khitchinimo atcheyamani ankamva zonse. Anamva maliro awo omwe akuliridwa, ndipo kunena zoona sanadandaule ndi kuchuluka kwa olira. Kuyankha sakanatha, misomali pakamwa. Kusuntha sakanatha, bolodi pamutu. Anapirira ndithu, poti munthu samwalira ndi kuliridwa. Koma atamva mbama yoyamba ikulira panja, analavula misomali ija n'kutaya manja.

Phwaa! Bolodi lomaliza la mu Lundazi monse linagawika pawiri.

Atcheyamani anatulukira pakhomo ali mbuu ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Olira ena anathawa osatsanzika. A Angelina anawagwira tsaya kuti aone ngati likutentha, kenako anawakalipira chifukwa chowaliritsa pachabe.

Anyamata aja sanamutaye Philemon.

"Chabwino, sanapaye munthu," anatero wamkulu wawo. "Koma alibe khadi, alibe pepa iliyonse. Kakambidwe kake ni ka ku Malawi. Tizamupeleka."

Atcheyamani anacheukira bowo la pakhoma lawo, n'kuyang'ananso Philemon.

"Musiyeni uyu. Ni mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Za khadi nizaona neka."

Anyamatawo anayang'anana. Lundazi yense ankadziwa kuti a Mtonga ali ndi mlongo mmodzi yekha, ndipo mlongoyo anali ataima pomwepo, misozi isanaume.

"Mama, ni mwana wanu uyu?"

Atcheyamani anawanong'oneza mlongo wawo mawu angapo m'Chitumbuka. A Angelina anamuyang'ana Philemon kwa nthawi yaitali, kuyambira kunsapato zong'ambika mpaka ku chala chomangidwa ndi kansanza. Kenako anamulanda hamala ija, n'kumutchaya kambama kopepuka pakhosi.

"Chindere iwe," anatero, kumutcha chitsiru. "Warya, mwana wane?"

Chitumbuka chimenechi Philemon anachimva popanda womasulira. Panali patapita nthawi yaitali chimufunsire munthu ngati wadya. Anapukusa mutu, ndipo tsopano amene anayamba kulira anali iyeyo.