Chutera za Malemu Aniceto

Joaquim anazondotsa kabokosi n'kukagogoda kumbuyo, koma chomwe chinagwa pamphasa ndi mphemvu imodzi yokha. Nayonso sinafune zambiri, inathawira kunsi kwa radiyo.

"Chutera zija ndi zimenezo," anatero Joaquim. "Zamera miyendo."

Anthu anaseka, ngakhale linali tsiku lometa maliro a Aniceto. Joaquim anali mdzukulu, ndiye anakumba manda n'kuika mtembo, ndipo pakamwa pa mdzukulu palibe amatsekapo. Analinso wa pagolo wa Tabwera, timu ya mpira imene malemuyo anayambitsa anthu atangobwerera ku Malowera nkhondo itatha. Lumo lometera linali lisanafike, choncho anayamba ndi kugawa katundu. Pamphasa panali radiyo, kazako wovala kukazizira, makasu ndi kherere wa mpira, ndipo njinga ija yoimitsa ndi chidendene inali itatsamira mtengo wa mango. Chosowa chinali chimodzi, ndipo ndi chomwe aliyense anadzera.

Nsapato za mpira zimenezo Aniceto anazipeza ku Zambia atapereka mbuzi yathunthu. Tsiku lobwerera, anzake ankatsika kaminyau, chilole chowabweretsa, atasenza malata ndi miphika. Iye anatsika chutera zili lendelende m'khosi, katundu yense atamusiyira mkazi wake Florinda. Chopweteka n'chakuti sanazivalepo. Mwendo wake unathyoka tsiku lothawa nkhondo, unapola mokhota, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda chotsimphina, phewa limodzi likugwa likudzuka. Ukamuona patali akupita ku kampu, bwalo la mpira lija, sunkafunsa kuti ndani. Nsapatozo ankazisungira difeza watsopano, wotchinga kumbuyo, amene adzapose anzake mpira wa chaka ukatha.

"Chigoli ngakhale mphepo imamwetsa," ankatero. "Wovekedwa nsapato ndi amene amachiletsa."

Chibayo chinamutenga kutatsala masewero omaliza okha, olimbana ndi a ku Chipera, dzina asanatchule.

Rebeca, mlongo wa malemu, sanaseke nawo. Anakoka kabokosi kaja, anasuzumiramo yekha, n'kukakankhira kumbali.

"Za mwana wanga zimenezo," anatero. "Leonel ndi mphwake wa malemu. Ndipo ngakhale tisiye za ubale, ndani pa kampu paja angamuyandikire Leonel?"

Apa ndiye anaputa mavu. Nkhani imeneyi inali itasokoneza kale maliro. Azimayi akuimba m'nyumba, azibambo panja ankakangana za difeza mpaka katekista anatuluka kudzawadzudzula, ndipo nayenso sanabwerere m'nyumba muja.

Atsopano kumbuyo kwa Tabwera chaka chimenecho anali awiri. Leonel anabwera ndi makaminyau omaliza ochokera ku Malawi, komwe anaphunzira mpira pa shikola, pakati pa ana asukulu anzake. Chifuwa chinali ngati mtondo, ndipo akalimbana ndi munthu, mpira, munthuyo ndi fumbi zonse zinkatulukira limodzi kunja. Mnzakeyo anali Valentim, amene nkhondo inamutenga akadali wamng'ono. Atatula mfuti anamupatsa chidebe, khasu ndi mbewu, koma kwawo anakapeza mabwinja okhaokha. Anatsikira ku Malowera chifukwa kaminyau inathera pomwepo. Tsiku lomwelo Aniceto anamuona akuimitsa ndi phazi lakumanzere dzungu lomwe linkagubuduka kuchoka pa katundu wa mayi wina, ndipo sanafunse zambiri. Anamutengera kwawo, anamupatsa gowelo la kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kulima naye. Florinda, amene ana ake aamuna anawaika m'manda ku Zambia, ankamuitana kuti mwanangu.

"Leonel amadumpha, amwene," anayamba Matias wosula zidebe. "Mpira wam'mwamba wonse ndi wake. Munamuona wokumba golide uja wa ku Fingoe atagundana naye? Anadzuka akufunsa kuti golo lili mbali iti."

"Ndinamuona," anayankha Joaquim. "Ndipo penati yake anavutika nayo ndine. Leonel amathamangira munthu. Valentim amathamangira kumene mpira ukupita, amakafika kaye n'kumaudikira. Iyeyu akakhala kutsogolo kwanga, ine pagolo ndimatha kusenda chinangwa."

"Valentim mutu ali nawo wovalira chipewa basi. Mpira ukabwera m'mwamba amatsinzina."

"Nanga mwendo wakumanzere wa Leonel? Suja amangokwerera njinga?"

"Koma amaopedwa."

"Njuchi nazonso zimaopedwa, koma sindinaone zikupatsidwa nsapato."

Eni nkhaniwo anali atakhala pa chipika chimodzi, mapewa atagundana, aliyense maso ali pansi. Amene ankawadziwa akanadabwa, chifukwa Leonel sanali munthu womva dzina lake likunyozedwa iye n'kukhala chete.

"Sekani," anatero Rebeca, "koma nsapato zasowa. Pakhomo pano amagona ndani amene si magazi athu?"

Kuseka kunazima. Rebeca anali atanena kale tsiku loika maliro kuti mlendo ndi mame, kumeta kukatha mnyamatayo aone msewu, gowelo alowemo Leonel. Florinda anali wa chitengwa, malo anali a kuchimuna, ndiye mawu ake sankapita patali. Masiku onsewa chakudya chinkamukanika, ndipo sichinali chisoni cha mwamuna chokha. Ankaopa kutsala pakhomo popanda womuyankha akaitana.

"Alamu," anatero Florinda motsitsa mawu, "mwanayu sanatengepo ngakhale chitsononkho pakhomo pano."

"Amene anagwirapo mfuti, alamu, sapempha."

Mawu amenewo anali oipa, ndipo aliyense anawamva kuipa kwake. Valentim sanadzutse mutu. Rebeca anamanga chitenje, anazungulira kuseri, ndipo anthu anamva chitseko cha gowelo chikulira. Sanakhalitse. Anatuluka atanyamula kamtolo ka saka, anakamasula pakati pa bwalo, ndipo munatuluka chutera imodzi, yakumanzere, yopakidwa mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira.

Leonel anaiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Anandipatsa okha, amayi," anatero Valentim, akuyang'ana Florinda yekha. "Asanadwale. Anati inzake ili kwa wosoka ku Fingoe, ndisauze munthu mpaka a Chipera atabwera n'kupita."

"Wakufa sabwera kudzakana," anatero Rebeca. "Inayo wagulitsa kwa okumba golide. Tenga chidebe chako."

Valentim sanatsutse. Anali atazolowera kuti akauzidwa kunyamuka, amanyamuka. Anapita kuseri, anabwera ndi chidebe, bulangete lili m'kati, khasu lili paphewa, n'kugwada pamaso pa Florinda kuti atsanzike. Florinda anagwira mpini wa khasulo ndi manja onse awiri. Sanausiye.

"Valentim, taima," anatero Leonel, ataimirira. "Atsibweni pokupatsa anati chiyani? Unene mawu ake enieni."

Valentim anazengereza. "Zisiye, mnzanga."

"Nena."

"Anati, difeza weniweni pano ndiwe. Koma usauze mnzako..."

"...angafooke, pomwe tikumufunabe," anamaliza Leonel.

Anayang'anana. Kenaka Leonel analiyatsa liwiro kulowera kunyumba kwa amayi ake, nkhuku zikubalalika. Anabwera atanyamula dengu la nyemba la Rebeca, analitula pamphasa, anapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kusolola chutera yakumanja. Nyemba zinakhuthuka m'kati mwake.

Joaquim anatenga nsapato ziwirizo, anaziika pamodzi mosamala, n'kubwerera m'mbuyo ngati akuona mkwati ndi mkwatibwi.

"Mayi Rebeca," anatero, "wakuba wachiwiri mumagona naye nyumba imodzi. Nayenso atenge chidebe?"

Bwalo lonse linaphulika. Matias anaseka mpaka kutsokomola, katekista anabisa nkhope m'chipewa, azimayi anagwirana mapewa misozi ili mbwembwembwe, osadziwika ngati ndi ya maliro kapena ya chiyani. Wina anakumbutsa kuti ku Fingoe kulibe n'komwe wosoka nsapato, ndipo kuseka kunayambiranso.

"Nanga iwe unangokhala duu bwanji, ine ndikuchita manyazi pagulu?" Rebeca anafunsa mwana wake.

"Ndimaopa, amayi. Ndimati Valentim akamva kuti atsibweni asankha ine, achoka. Ndiye kumanzere kuja atseke ndani?"

"Ine ndimati munthu wataya amalume ake," anatero Valentim. "Ndimulandenso nsapato?"

"Chabwino, tamva," Matias analowerera akupukuta m'maso. "Koma ife funso lathu lili pomwepo. Woposa mnzake ndani? Mayi Florinda, inu munkagona nyumba imodzi ndi malemu, sanakunong'onezeni?"

Florinda anaseka koyamba chimwalirire mwamuna wake, kuseka kochokera pansi pamimba.

"Ndinamufunsa, atayamba kale kudwala. Ndinati, bambo, tchulani dzina anthu angamenyane. Anandiyankha kuti, kodi iwe pa miyendo yangayi ungadule uti? Wabwinowu ndi wokhotawu anandifikitsa limodzi ku Zambia. Atatero anatembenukira kukhoma, ndipo ndinaona mapewa akugwedezeka. Ndimayesa ndi chifuwa. Kani amaseka."

Rebeca sanali mayi wogonja msanga. "Ziphatikizeni mupatse Leonel. Katundu wa malume ndi wa mphwake."

"Wa pamphasa," anatero Joaquim. "Chimene munthu anapereka ndi dzanja lake akupuma sichibwerera pamphasa. Ine ndine mdzukulu, ndanena."

"Ndiye taganizani, alamu," Florinda anawonjezera, dzanja lidakali pa mpini. "Mwanayu akachoka, achoka ndi yake. Leonel adzasewera ndi imodzi mpaka imvi."

Rebeca anayang'ana nsapato, anayang'ana mwana wake, anayang'ananso nsapato. Anapukusa mutu.

"Achimwene angawa," anatero. "Ali m'manda, koma akundimangabe manja. Kuyambira tili ana anali choncho, chimanga chimodzi amalonjeza anthu atatu."

Mawu ake anathera m'misozi, ndipo anafenthera m'chitenje mwaukali ngati wina wamulakwira. Nthawi yomweyo lumo linafika. Joaquim analinola pachikhatho n'kufunsa kuti ayambe ndi ndani. Ometedwa ndi abale okha, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Valentim anayamba kusuntha kuti apatuke.

"Iwe," anatero Rebeca. "Ukupita kuti ndi tsitsi lonselo? Ika chidebe pansi. Khala apa."

Analanda lumo m'manja mwa Joaquim, ananyowetsa mutu wa Valentim ndi madzi a m'chikho, anaupaka sabawu mpaka kuchita thovu, n'kuyamba kumeta yekha. Dzanja lake silinali lofewa. Ankaukankha mutuwo uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika, ndipo madzi ankatsikira m'masaya mwa Valentim, ena osachokera m'chikho.

"Zija ndinanena za mfuti, zipite ndi tsitsili," anatero Rebeca, osamuyang'ana kumaso. "Koma Lamulungu ukakatsinzinanso mpira wam'mwamba, udzandidziwa. Mutu ndakuyeretsera ndine."

Florinda apa ndi pamene anausiya mpini uja.

Lamulungu a Chipera anafika pa njinga, ena wapansi, ng'oma ili patsogolo. Florinda sakanapita ku kampu, masiku ake okhala pakhomo anali asanathe. Anakhala pakhonde akusankha nyemba zija zinakhuthuka, pomwe anyamata awiriwo anali pa chipika, mipala ili ngwee padzuwa, aliyense akumanga chingwe cha nsapato yake imodzi. Ankakanganabe.

"Mawu anayamba kuuza ine."

"Anayamba iwe poyeserera. Enieni anauza ine."

Anaimirira, anatsanzika, n'kulowa m'njira. Chutera ili ndi mano kunsi, imamukweza munthu mbali imodzi, ndipo phazi linalo linali lopanda kanthu. Atangoyenda pang'ono, Florinda anasiya nyemba. Leonel ankatsimphinira kumanzere, Valentim kumanja, phewa likugwa likudzuka, phewa likugwa likudzuka. Kunali kuyenda kwa Aniceto kwenikweni, kuja ankakuona masana aliwonse akupita ku kampu, koma lero kunali kuwiri.

"Bambo inu," anatero Florinda chapansipansi, akuseka, misozi ikugwera m'lichero. "Munadziwa."

Anawayang'ana mpaka anakhota pa mlambe. Kenaka anadzuka, anatola chidebe cha Valentim chomwe chinali chidakali pansi pa mango, n'kukachibwezera m'gowelo.