Magazi a Zelipa

Boaz anali atagwira kale kiyi wa nyumba ya malemu pamene Jesca anatuluka, mwana wake Emma ali kumsana, n'kugwada patsogolo pa apongozi ake, Zelipa. Zelipa sanamuyang'ane. Mutu wometa unkamuyabwa m'kati mwa duku, ndipo maso ake anali pa ngolo ya mwana wake Lazarus, imene inali isanasunthe chichitikire maliro.

Lazarus anadwala malungo mvula yoyamba ya 1996 itangogwa. Mkazi wake Jesca anamugulira mapilitsi pagolosale ya ku Chiparamba n'kumumwetsa. Thupi linazizira, koma maso anachita chikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo munthu amene ankasenza yekha belo la thonje analephera kunyamula kapu. Anatsirizikira kuchipatala cha ku Chipata. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti malungo sapha chotero. Tsiku lometa, Boaz, mkulu wake wa malemu, ananena poyera: mkaziyu abwerere kwawo ku Kasenengwa, munda ndi ngolo zitsale.

"Amayi," anatero Jesca, "adokotala anati tikabwerereko magazi a malemu aja akachoka ku Lusaka. Mukamve nokha, kenako ndizipita."

Zelipa anavomera. Ankafuna kumva mawu akuti poizoni akutuluka pakamwa pa munthu wophunzira. Anakwera kumbuyo kwa lole, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndipo njira yonse analankhula ndi mwana yekha.

Dokotala anali mzimayi wa maso otopa. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti m'magazi a munthu muli kanthu kotchedwa enzaimu, kamene kamatchinjiriza magaziwo akakumana ndi mankhwala ena amphamvu. Lazarus anabadwa nako kochepa zedi. Mapilitsi amene amachiza anthu ena onse, kwa iye anaphwanya magazi. Panalibe amene akanadziwa popanda kuyeza.

Zelipa anafunsa ngati ndi matenda atsopanowa. Dokotala anakana, n'kunena kuti vutoli n'lobadwa nalo, ndipo mwana wamwamuna amalitenga kwa mayi ake. Anapempha kuti Boaz abwere kudzayezetsa, pamodzi ndi anyamata a Sesiliya, mchemwali wa malemu.

"Ndiye kuti ndinamupatsa ndine?"

"Simunalakwe, amayi. Nanunso munalandira kwa makolo."

Zelipa anayang'ana manja ake kwa nthawi yaitali. Anakumbukira mwana wake woyamba, amene anachita chikasu asanapatsidwe ndi dzina lomwe, ndipo azimayi anakamuika masana popanda wolira. Panja pachipatala anakhala pansi pafupi ndi ogulitsa nthochi. Jesca anamuimirira pambali mpaka nkhalambayo inadzuka yokha.

Atafika kumudzi anaitana ana ake n'kuwauza zonse monga anamvera. Sesiliya anangoyang'ana kumene anyamata ake ankasewera. Boaz anati mkazi wochenjera salephera kupangana ndi achipatala, ndipo iye sadzatambasula mkono kuti amutenge magazi, popeza aliyense amene wayezetsa zaka zino wabwerako ndi imfa m'thumba.

"Mlamu wako sachoka pano," anatero Zelipa.

"Uthenga unapita kale ku Kasenengwa, amayi. Mukufuna ndikauze anthu kuti amene anapha mng'ono wanga ndinu?"

Kiyi analowa m'thumba la Boaz.

Jesca naye sanafunenso kukhala. Anati pamudzi pamene akazi anzake asiya kumupempha mchere, munthu sangalere mwana. Zelipa anamupepesa ali chogwada, chinthu chimene sanachitirepo munthu wamng'ono, koma Jesca anangomudzutsa n'kumusansa fumbi m'mawondo.

Tsiku lochoka, dzuwa litangotuluka, Zelipa anamva kuguguda pakhomo. Anapeza Jesca akutsitsa chigubu chachikulu cha madzi panjinga ya malemu, thukuta lili kamukamu, katundu wake atamumanga kale m'chitenje.

"Mwana wanga, ngakhale lero? Wanditungira zaka zonsezi, zakwana."

Jesca anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Sindinali ine, amayi. Anali atate ake a Emma. Chiyambire pamene msana unakuvutani, ankalawirira kumjigo anthu asanadzuke, kuti anzawo asawaseke. Anati ndisadzakuuzeni, mungawaletse."

Anakankhira chigubucho mumthunzi, pambali pa chitseko, n'kuchitembenuza kuti chogwirira chiloze kumene kunali dzanja lamanja la nkhalambayo.

"Ankachiika chonchi," anatero.

Anatsamiritsa njinga kukhoma, nasenza katundu wake, Emma ali m'tulo kumsana. Zelipa anagwira chigubu chija. Chinali chozizira, chonyowa kunja, ndipo sanachisiye mpaka Jesca atabisika kuseri kwa minda.