Miyala ya Kuseri kwa Mpanda

Mvula ikakata, timiyala ta pamanda a bambo anga timawala. Toyera tili mbee, mbwerekete ngati mpunga wotayika pamphasa. Takuda tili bii, khumi ndi kamodzi, pamzere kumutu. Ife Ayuda sitiika maluwa pamanda. Ukabwera kudzaona wako umasiya mwala, adziwe kuti sanaiwalike. Toyerato n'ta anthu a kusunagoge, amangotola m'kanjira ka m'manda momwemo. Takudato n'ta amayi anga. Chaka ndi chaka ankakwera basi kupita kwawo kumapiri, n'kukatola kamodzi mumtsinje umene ankasambamo ali mwana, n'kubwera nako atakamanga pansonga ya mpango.

Kuno ndi ku Mexico, m'katauni ka fumbi nthawi ya dzuwa, ka matope nthawi ya mvula. Manda athu ndi ochepa, ozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wolekeza m'khosi. Pambali pa bambo pali malo osakumba, udzu uli biriwiri. Amayi ankaima pamenepo n'kumaseka, amvekere, “Apa m'panga. Ndidzagona cha kumanzere, poti kumanja bambo ako amalizira mkonono.”

Bambo anga, a Lazaro, anali mwana wa Ayuda othawa nkhondo ku Ulaya, oyera, a maso ngati a mphaka. Amayi anga, a Eufemia, anali mwana wa alimi a chimanga, eni nthaka ino, khungu la katondo, tsitsi lakuda bii. Ine Noemi ndinatenga mphuno ya bambo ndi khungu la amayi. Kusunagoge alendo ankandifunsa kuti ndine mwana wa wantchito wa yani. Kumsika ankanditcha kaMyuda. Ndinkangoseka, ndinkati ine ndiye wolemera, ndili ndi kwathu kuwiri. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Amayi anasiya mtanda, anasiya korona, anasiya nyimbo za kwawo. Anaphunzira mapemphero a Chiheberi, lilime likukana, iwo akulikakamiza. Rabi wina wodutsa, mphunzitsi wa Chiyuda, anawamiza m'madzi monga mwa mwambo, n'kuwalembera kalata yoti tsopano ndi Myuda. Kalatayo anaisunga m'chitini cha mabisiketi zaka makumi atatu.

Ndipo zaka makumi atatu zomwezo ankasambitsa maliro. Kwa ife Ayuda mkazi akamwalira amasambitsidwa ndi akazi anzake, n'kuvekedwa nsalu yoyera yopanda thumba, yosokedwa osamanga mfundo pa ulusi, kuti pasakhale chomukola paulendo. Osambitsawo anali asanu, amayi anga achisanu ndi chimodzi. Ndi iwo ankasoka nsalu. Ndi iwo ankawenga zikhadabo. Ndi iwo ankalowa pamene anzawo agwira pamphuno, kaya kukutentha, kaya thupi lagona masiku. Anasambitsa amayi awo a Mayi Perla, mkulu wa gululo. Anasambitsanso mwana wawo wamkazi, a Perlawo atakomoka pakhomo. Kuyambira tsiku limenelo a Perla ankawatcha mchemwali wanga, pagulu, mokweza, aliyense amve.

Amayi anamwalira m'mawa wina wa fumbi, mphepo ikuulutsa mapepala mumsewu, dzuwa lili psuu ngati diso lodwala. Ndinapita kusunagoge kukanena, chitini chili m'manja. Akuluakulu anakhala pansi. Kalata inayenda dzanja ndi dzanja, inayenda, inayenda, mpaka inabwerera kwa ine. A Zalman, wapampando wawo, anavula magalasi.

“Noemi mwana wanga, kalatayi siikukwanira. Rabi ameneyu sitikumudziwa. Malamulo ndi malamulo. Koma tawapezera malo abwino, kuseri kwa mpanda.”

Ndinayang'ana a Perla. A Perla anayang'ana nsapato zawo. Osambitsa anzawo anayi aja, wina akukonza mpango, wina akufunafuna kanthu m'chikwama. Fumbi linkakanda pazenera.

Siikukwanira. Inkakwanira pamene mitembo yawo inkafuna manja. Inkakwanira pamene singano inkaboola zala za amayi. Inkakwanira pa ntchito, siinakwanire pa dothi. Anatidyera masuku pamutu zaka zonsezo, ife n'kumati ndi chibale. A Zalman sindiwada kwambiri, iwo ndi munthu wa mapepala, anabadwa choncho. Amene anandilasa ndi a Perla. Akanangotsegula pakamwa. Akanangoti mchemwali wanga kamodzi kokha, ngakhale monong'ona. Ndipo palibe anafunsa funso limene linali lendelende pamutu panga: ngati mimba si ya Chiyuda, chotulukamo n'chiyani?

Malume anga a Crescencio anatsika kumapiri ndi mtolo wa maluwa achikasu, amene kwawo amaika pamanda. Ndinawapempha kuti amayi tikawaike kumudzi. Anapukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe. “Mlongo wanga anasankha yekha. Kwathu timaika a mtanda.” Uku mpanda, uko mtanda. Amayi anga, amene anagoneka anthu osawerengeka, anasowa pogona.

Ndinawasambitsa ndekha. Nsalu yawo ndinaipeza m'sutikesi, anadzisokera kale, kungotsala pakhosi. Ndinamaliza ine, ndipo pomaliza ndinamanga mfundo. Ndinazindikira nditadula kale ulusi. Panalibe wondiuza kuti ndalakwitsa, poti odziwa mwambo onse anali m'nyumba zawo, makatani atatseka. Sindinaimasule.

Anagona kuseri, pamene pamadutsa mbuzi, pamene mphepo imaunjika mapepala a sopo ndi zitini. Ndinayesa ndi mapazi: kuchokera kwa bambo kufika kwa amayi ndi asanu ndi awiri okha, njerwa zili pakati. Fumbi linabwera, linakwirira maluwa a malume. Fumbi linapita. Mitambo inadera kumapiri, bii, ndipo mvula yoyamba inagwa, waa, dothi likununkhira ngati palibe chinachitika.

Itakata ndinapita. Ndinapeza pamanda a amayi timiyala toyera, tonyowa, tili mbee. Ndinawerenga. Tisanu. Kani osambitsa aja amabwera. Amazungulira mpanda pamene palibe akuwaona, madiresi atakwinya kuopa matope, n'kusiya mwala kuti mitima yawo ipepuke. Tsiku lija analibe pakamwa, lero ali ndi manja. Mtima wanga unawira. Ndinatola kamodzikamodzi n'kumaponya kudutsa mpanda, kubwerera kwawo. Ndinamva tikugwa mkatimo, go, go, go, go, go. Ka a Perla sindikudziwa kanali kati, n'chifukwa chake tonse ndinatiponya mwamphamvu.

Kenako ndinalowera pachipata, monga munthu wololedwa. Ndinagwada kwa bambo, ndinati pepani, mundibwereke kamodzi. Ndinatenga kakuda, kosalala, ka mumtsinje wa kumapiri, ndinakamanga pansonga ya mpango wa amayi, n'kutuluka nako.

Tsopano mvula ikakata, kwa bambo kumawala takuda khumi. Kena kaja kali kuseri, kokhakokha, bii, pakati pa mapesi a maluwa ofota. Ndikaima chonyanyamphira pampanda ndimaona konse kuwiri. Ndimaonanso malo aja a kumanzere, osakumba, udzu uli biriwiri. Mpaka lero amautchetcha bwinobwino.