Mawu Amene a Fanuelo Anaika M'kamwa mwa Telala

A Fanuelo Chikhadwe analota masana a Lachitatu, magetsi atazima, atatsamira khoma la nyumba yawo yoonetseramo vidiyo pa Ulongwe.

Ntchito yawo inali yotanthauzira mafilimu achimwenye. Chihindi sankachimva ngakhale liwu limodzi. Ankangoyang'ana milomo ya anthu a m'filimu n'kumawaika Chichewa m'kamwa, ndipo anthu ankati amakometsa kuposa eni ake. Sabata yapitayo anaonetsa filimu ya bomba lophulika pamsika wa mumzinda waukulu wa ku India. Utsi utangokwera, panaoneka telala wovala kofia atagwada pafupi ndi chikwama, akulankhula. Pofuna kuseketsa anthu, a Fanuelo anam'patsa dzina la mnzawo wosewera naye bawo, Che Lajabu, telala wa pakhonde la golosale, n'kumunenetsa kuti, "Basi, ntchito ndamaliza." Anthu anaseka. Kutacha, pamsika anayamba kuitana Che Lajabu kuti Che Bomba, ndipo amayi ena a kumpingo anakatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Chiyambire tsiku limenelo bawo silinatulukenso pakhonde paja.

M'malotomo, galasi la kanema linatseguka ngati chitseko cha khola, ndipo a Fanuelo analowa. Anapezeka mumsewu wa mvula yofunda, yonunkhira mafuta okazingira samusa. Anthu mazanamazana ankavina mofanana monga amachitira m'mafilimu, koma nyimbo kunalibe, ndipo onsewo analibe pakamwa. Thumba la malaya a a Fanuelo linali kulemera. Atapisamo dzanja anapeza ladzaza nkhomo za bawo, ndipo anadziwa kuti amenewo ndiwo mawu a anthu aja.

Pakati pa msika panali mabenchi a m'nyumba yawo ya vidiyo. Amene anafa pa bomba lija anali atakhala pamenepo mwaulemu, fumbi lili mbuu m'mitu. A Fanuelo anayenda benchi ndi benchi akupatsa aliyense nkhomo yake, ndipo wolandira pakamwa pake pankatseguka. Onse ankalankhula Chichewa cha ku Balaka.

"Zikomo, bambo," anatero mayi wina wa kadontho kofiira pachipumi. "Ine munandinenetsa kuti ndikufuna mwamuna wa galimoto, chonsecho ndinkafunsa mtengo wa anyezi. Palibe mlandu. Nanenso ndinaseka."

"Pepani, mayi."

"Pepani wanuyo musungire telala. Ife tinafa, tinapuma. Iye ali moyo, ndipo anansi ake akugenda chitseko chake. Filimu yathu imatha ndi kukhululukirana, kenako gule. Koma chifukwa cha mawu anu yakanika kutha. Takhala pano sabata yathunthu, miyendo yatupa."

Mayiyo anawatsogolera. Anadutsa pakachisi wa mabelu ndi pamzikiti, zomwe zinali zitatembenuzirana misana ngati akazi a mitala, mpaka anafika pachitseko chobiriwira chodzaza ndi zipsera za miyala. Makina osokera anatulukira pazenera, akuyenda ndi miyendo yake yachitsulo ngati mbuzi.

"Muli bwanji, a Chikhadwe?" anafunsa makinawo.

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Ife tili ndi dzimbiri. Abwana sangatuluke mpaka muwabwezere mawu awo."

M'thumba munali mutatsala nkhomo imodzi, yolemera ngati nkhwangwa.

"Chimene ananena sindichidziwa," anatero a Fanuelo.

"Inu munayang'ana kofia," makina aja anayankha. "Tayang'anani manja."

Pomwepo mvula inayamba kubwerera kumwamba. Utsi unalowanso pansi, n'kutulukanso. A Fanuelo anaona telala uja atagwada monga poyamba, koma tsopano anayang'ana manja. Manjawo ankatulutsa nsalu yofiira m'chikwama n'kumaing'amba, n'kumamanga mwendo wa mkulu wogulitsa maluwa, yemwe ankapemphera kukachisi wa mabelu.

"Inali nsalu ya ukwati wa mwana wanga," mayi uja anatero. "Anaisoka milungu itatu. Anang'amba osaiyang'ana n'komwe."

Milomo ya telalayo inkabwereza liwu limodzi lokha. Silinali lalitali ngati "ntchito ndamaliza". Linali lalifupi, longa mmene munthu amaitanira mnzake amene akufuna kugona pamene sayenera kugona.

A Fanuelo anayandikira chitseko. Chinali chitasanduka chitseko cha golosale ya pa Ulongwe, ndipo kuseri kwake kunkamveka chifuwa chimene ankachidziwa bwino.

"Ndani?" anafunsa mawu a m'katimo.

A Fanuelo anafuna kuyankha, koma atagwira kumaso anapeza kuti nawonso alibe pakamwa. Akufa onse anali ataima kumbuyo kwawo, ovina ataima mwendo umodzi uli m'mwamba, akudikira. Nkhomo yotsala ija sinali ya telala. Inali yawo.

Anadzidzimuka magetsi atayaka, kanema ikungowaza mchenga. Chibakera chawo chinali chofumbata, ndipo m'kati mwake munali nkhomo.

Anaimirira. Kenako anagwira mkono wa malaya awo, naukoka mpaka unati phwee, n'kuuyamba wa kugolosale.

"Odi, Che Lajabu."

Che Lajabu sanadzutse mutu pamakina. "Imani patali, a Chikhadwe. Pano pamaphulika."

"Malaya ang'ambika, achimwene."

Telalayo anakoka mkonowo, nauyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwang'amba nokha awa. Msomali sung'amba motsata msoko."

"Eee. Ndang'amba ndekha."

Makina analira pang'ono, n'kuleka.

"Tandiuzani," anatero Che Lajabu. "Mnzanga wa m'filimu uja, kwenikweni ananena chiyani?"

"Sindidziwa. Chihindi sindichimva."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale moni."

"Zaka khumi ndi ziwiri mukutinamiza!" Che Lajabu anaseka mpaka kofia inapendekeka, kenako anapukuta m'maso, kuseka n'kutha. "Zimenezo mukanene Loweruka, anthu atadzaza."

"Ndikanena. Filimuyo ndiibwereza, ndipo pofika pamenepo ndikhala chete. Aone okha manja."

Anatambasula chikhatho, naika nkhomo ija pamakina. Che Lajabu anaitola, naitembenuza.

"Imeneyi ndaifunafuna sabata yonse," anatero. "Ikasowa imodzi, bawo silisewereka."

Anawerama, nakoka bawo pansi pa tebulo, nauzira fumbi.

"Vulani malayawo, ndisoka tikatha. Yambani ndinu. Koma pano musatanthauzire."